Timitengo Titatu ta a Nambaula

Uyu ndi Iness. Iness amakhala kwa Kanduku, ku Mwanza. Iness ali ndi mtengo wake. Ndi mtengo wa manachesi. Uli kuseri kwa nyumba.

Mtengowo ndi wokalamba. Nthambi zina ndi zobiriwira. Nthambi zina ndi zouma. Zaka ziwiri zatha osabereka.

Koma Iness amaukonda kwambiri. Akaweruka kusukulu, amagona chagada pansi pake. Amaona mitambo kudzera m'masamba. Mtambo uwu ndi mbuzi. Mtambo uwo ndi lole yopita ku Zobue, kumalire a dziko. Mtambo winawo ndi aphunzitsi atavala chipewa.

Iness amalota masana, maso ali tong'o. Ukamutuma mchere, amabwera ndi nkhani.

Iness ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti mtengo wake usadulidwe.

Tsiku lina m'nyengo yozizira, abambo ake anabwera ndi nkhuni panjinga. Dzina lawo linali a Jailosi. Anatsitsa nkhunizo pakhonde. Anapukuta thukuta.

“Nkhuni izi ndi zomaliza,” anatero. “Phiri lonse lametedwa mpala. Kwatsala zitsa zokhazokha.”

Amayi a Iness anali oyembekezera. Sakanatha kupita kutali kukatola nkhuni. Abambo nawo ankalawirira kumalire tsiku lililonse. Ankanyamula katundu wa amalonda panjinga.

“Nkhuni izi zifike mpaka nandolo aume,” anatero abambo. “Nandolo akauma, tidzasonkhera mitengo yake.”

“Nanga zikatha msanga, ababa?” anafunsa Iness.

“Zikatha msanga, ndidula mtengo wa manachesi uja. Pajatu subereka.”

 Iness anachita mantha. Anaima pafupi ndi mulu wa nkhuni. Muluwo unkamufika pachifuwa.

Kukhitchini kunali mafuwa atatu. Mafuwawo anali osusuka. Ankadya nkhuni zikuluzikulu m'mawa. Ankadya nkhuni zikuluzikulu masana. Moto unkathawira m'mbali. Utsi unkadzaza nyumba.

Sabata imodzi inatha. Iness anaimanso pafupi ndi mulu. Muluwo unkamufika pamchombo.

Loweruka m'mawa kunamveka belu la njinga. Ngili, ngili!

“Odi kuno!”

“Odini!” anayankha amayi.

Anali azakhali a Sellina, alongo awo a abambo. Iwo amakhala kwa Nthache. Amaumba mbaula za dongo ndi amayi anzawo. Pakaliyala panali chinthu chokulungidwa m'chitenje.

“Azakhali, mwakweza mwana pakaliyala?” anafunsa Iness.

“Eya, ndi mwana wosalira,” anatero azakhali. “Bwera umuone.”

Anamasula chitenje. Inali mbaula. Inali yofiira ngati njerwa. Inali yaifupi ngati ndowa.

Iness anagwada. Anaiyang'ana bwinobwino. Kutsogolo inali ndi khomo laling'ono. Limenelo linali pakamwa. M'mbali inali ndi zogwirira ziwiri. Amenewo anali makutu. Pamwamba inali ndi timano titatu pokhazika mphika.

“Dzina lawo ndi ndani?” anafunsa Iness.

“Ndi mbaula basi,” anatero azakhali.

“Ndiye kuti ndi a Nambaula,” anatero Iness. Anawomba m'manja mwaulemu. “Muli bwanji, a Nambaula?”

Amayi anaseka. Azakhali anaseka mpaka kugwira nthiti.

Azakhali anakhazika a Nambaula pamalo osalala. Anawakhazika pafupi ndi khomo la khitchini. Anatsekula chitseko chonse.

“Pakamwa payang'ane kumene kukuchokera mphepo,” anatero. “A Nambaula amapuma ngati iwe.”

Kenako anawaza nkhuni imodzi. Inatuluka timitengo ting'onoting'ono.

“Tamvera, Iness. Oyatsa moto ndi amayi ako. Iwe ntchito yako ndi kudyetsa. Uzikhala pansi. Uzipinda diresi lako. Makutu akatentha, osagwira. Wamva?”

“Ndamva, azakhali. Nanga amadya zingati?”

Azakhali anakweza zala zitatu. Anaimba kanyimbo aka:

“Titatu basi,
touma basi,
mpweya udutse.”

Amayi anayatsa moto. Iness analowetsa timitengo titatu. Kamodzi. Kawiri. Katatu. A Nambaula anapuma, fuuu. Moto sunathawire m'mbali. Wonse unapita pansi pa ketulo. Posachedwa madzi anayamba kuimba.

“Ha! Awira kale?” anadabwa amayi.

Anamwa tiyi ndi chinangwa. Madzulo azakhali anakwera njinga yawo. Anabwerera kwa Nthache.

Lolemba m'mawa Iness anachedwa kudzuka. Mbatata inali pamoto. Anzake ankadutsa kale pamsewu.

“A Nambaula, fulumirani,” anatero Iness.

Anawapatsa timitengo titatu. Anawonjezera titatu. Anawonjezeranso tina. Pakamwa ponse panadzaza tho!

Moto unachita manyazi. Unabisala. Utsi wakuda unatuluka. Iness anatsokomola, kho, kho. Misozi inatuluka.

Amayi anabwera msanga. Anasolola timitengo tambiri. Anasiya titatu.

“Iwe, ukadzaza mbatata m'kamwa, umapuma bwanji?” anafunsa amayi.

“Sindipuma,” anatero Iness.

“Nanga a Nambaula apume bwanji?”

Mphepo inalowa pakamwa. A Nambaula anapuma, fuuu. Moto unabweranso. Mbatata inapsa.

Kuyambira tsiku limenelo, Iness sanaiwalenso.

“Titatu basi,
touma basi,
mpweya udutse.”

M'mawa uliwonse a Nambaula ankakhala ozizira. Iness ankachotsa phulusa m'mimba mwawo. Phulusa likadzaza, mpweya sudutsa. Ankaliwolera pambale yakale. Ankakalimwaza patsinde pa mtengo wake.

“Mphatso yochokera kwa a Nambaula,” ankatero.

Amayi ankanyika nyemba m'madzi dzuwa likamalowa. M'mawa zinkapsa msanga. Ankavundikira mphika nthawi zonse.

Sabata inatha. Ina inatha. Inanso inatha. Mulu wa nkhuni unkatsika pang'onopang'ono. Unali udakali m'chiuno. Iness anasangalala kwambiri.

Tsiku lina masana, nyemba zinapsa. Amayi anaphula mphika. Msana unkawapweteka. Anapita kukapumula pamphasa.

Iness anatsala yekha. Anayang'ana pakamwa pa a Nambaula. Timitengo titatu tinkayakabe. Pamoto panalibe mphika.

“Timitengo tikungopsa chabe,” anaganiza Iness. “Ndititeteze. Tidzagwira ntchito mawa.”

Maganizowo anali abwino. Koma Iness sanafunse. Anatunga madzi ozizira m'kapu. Anawathira pa a Nambaula.

Tsssss!

Nthunzi yotentha inalumpha. Iness anadumphira kumbuyo. Kenako kunamveka kaphokoso kakang'ono.

Thi!

A Nambaula anang'aluka. Mng'alu unayambira pakamwa. Unakafika kukhutu.

“Amayi! Amayi!” analira Iness.

Amayi anabwera. Sanayang'ane mbaula. Anayamba agwira manja a Iness. Anaona kuno. Anaona uko. Anaona kumaso.

“Wapsa?”

“Ayi, sindinapse.”

“Wachita mwayi, mwana wanga. Nthunzi imawotcha ngati moto.”

“Ndimafuna kusunga nkhuni,” anatero Iness. “Ndawapha a Nambaula.”

Amayi anamupukuta misozi ndi chitenje. Anatumiza uthenga kwa azakhali pafoni. Koma azakhali anali kutali. Anati abwera pakatha sabata.

Ndiye mafuwa atatu anabwereranso. Anali ndi njala ya masiku ambiri. Anadya m'mawa. Anadya masana. Anadya madzulo.

Iness anaima pafupi ndi mulu. Muluwo unkamufika m'mawondo.

Iness anali ndi chisoni. Anapita kuseri kwa nyumba. Anagona chagada pansi pa mtengo wake. Dzuwa linali lofunda. Kamphepo kankagwedeza masamba.

Mtambo umodzi unabwera. Sunali mbuzi. Sunali lole. Unali ndi makutu awiri. Unali ndi pakamwa. Unamanga duku kuzungulira tsaya, ngati munthu wodwala dzino.

“A Nambaula!” anatero Iness. “Mwakwera bwanji kumeneko?”

“Ndakwera ndi utsi,” anayankha a Nambaula.

Anatsika pang'onopang'ono. Anatera panthambi youma. Nthambiyo sinathyoke.

“Tsaya likupweteka?” anafunsa Iness.

“Pang'ono. Ine ndinatentha. Iwe unandisambitsa madzi ozizira.”

“Pepani, a Nambaula.”

“Palibe kanthu. Unkafuna zabwino.”

“Nkhuni zikutha,” anatero Iness. “Mtengo wanga audula.”

A Nambaula anayasamula. M'kamwa mwawo munatuluka timbalame toyera. Tinauluka kuzungulira mtengo.

“Taona pakamwa panga,” anatero. “Ndi papang'ono. Ine sindidya zazikulu. Ine sindidya zaziwisi.”

Mphepo inawomba. A Nambaula anasanduka mbuzi. Mbuziyo inasanduka lole. Loleyo inapita ku Zobue.

Kanthu kanagwera Iness pamphumi. Go! Iness anadzidzimuka. Kanali kamtengo kouma. Iness anakatola. Anakaika m'thumba la diresi.

Loweruka belu linamvekanso. Ngili, ngili! Azakhali a Sellina anafika. Anagwada pafupi ndi a Nambaula. Anatsata mng'alu ndi chala.

“Ndani anawasambitsa?” anafunsa.

“Ndine,” anatero Iness, maso ali pansi.

“Safunsa anadya phula,” anatero azakhali. Anamutsina tsaya pang'ono. “Usalire. Mng'alu ndi waung'ono. Achira.”

Azakhali anatenga waya. Anamanga a Nambaula m'chiuno. Anakanya dongo ndi phulusa. Anamata pamng'alu. Iness anasalaza ndi chala chake.

“Agone pamthunzi masiku atatu,” anatero azakhali. “Aume bwino.”

Kenako anadzaza mchenga m'beseni lakale. Analiika pafupi ndi khomo la khitchini.

“Mukatha kuphika, amayi ako asolole kamtengo. Agwire kumene kulibe moto. Akazike mumchenga, chonchi. Moto umagona wokha. Kamtengo kamadikira mawa.”

“Opanda madzi?” anafunsa Iness.

“Opanda madzi. Dongo likatentha, silisamba.”

Ndiye kanyimbo kaja kanatalika:

“Titatu basi,
touma basi,
mpweya udutse.
Akatentha, sasamba!”

Masiku atatu anatha. A Nambaula anadzuka. Anali ndi chipsera patsaya. Anali ndi lamba wa waya. Koma anapuma bwinobwino, fuuu.

Iness ankawadyetsa mosamala. Ankatola zitsononkho kunkhokwe. A Nambaula ankadya zimenezonso. Amayi ankazika timitengo totsala mumchenga.

Koma mulu unali utachepa kale. Unatsika m'mawondo. Unafika mu akakolo. Tsiku lina pakhonde panatsala makungwa okha.

Iness anathamangira kumunda. Anagwedeza nandolo. Nandolo wouma amalira, tsekete, tsekete. Uyu sanalire. Anali adakali wobiriwira.

Loweruka m'mawa abambo sanapite kumalire. Anakhala pamwala. Ankanola nkhwangwa. Kwee, kwee, kwee.

Iness anaima patsogolo pawo. 

“Pepa, mwana wanga,” anatero abambo. “Nandolo auma pakatha masabata atatu. Mwana ali pafupi kubadwa. Amayi ako afunika madzi ofunda. Ndichite bwanji?”

Abambo nawonso sanali okondwa. Ananyamula nkhwangwa. Anazungulira kuseri kwa nyumba.

Iness anapisa dzanja m'thumba. Anagwira kamtengo kouma kaja. Anakumbukira mtambo wa makutu awiri.

“Ababa, dikirani!”

Anathamangira kukhitchini. A Nambaula anali ozizira. Iness anagwada. Anaika dzanja limodzi mbali iyi ya pakamwa. Anaika dzanja lina mbali inayo. Ndiye anaimirira.

Anayenda pang'onopang'ono. Manja sanawasunthe. Nkhuku inamudutsa kumapazi. Manja sanawasunthe. Ntchentche inamutera pamphuno. Manja sanawasunthe.

“Wanyamula chiyani, iwe?” anafunsa abambo.

“Ndanyamula pakamwa pa a Nambaula.”

Iness anafika pamtengo. Anayeza manja ake pathunthu. Thunthulo linali lalikulu. Manjawo anali pafupipafupi.

“Onani, ababa. Thunthu silingalowe.”

“Ndiliwaza,” anatero abambo.

“Likhala laliwisi. A Nambaula amadya touma basi.”

Abambo anakanda m'mutu. “Nanga toumato tili kuti?”

Iness anawapatsa kamtengo kaja. Ndiye analoza kumwamba.

Abambo anayang'ana kumwamba. Iwo ankayenda tsiku lililonse maso ali pamsewu. Sankagona chagada pansi pa mtengo. Lero anaona zimene Iness ankaona. Apa panali nthambi youma. Apo panali nthambi youma. Uko kunali zina zambiri.

Mafuwa atatu akanazidya tsiku limodzi. Koma a Nambaula amadya titatu basi.

Abambo anayang'ana nkhwangwa. Anayang'ana Iness. Kenako anaseka.

“Mwana uyu! Timati amangogona pansi pa mtengo. Kani amawerenga nkhuni!”

Anatsamiritsa nkhwangwa kukhoma. Anatenga chikwanje. Anakwera mumtengo.

“Ima patali, Iness. Muli minga. Uzingondilozera.”

“Iyo, ababa! Youmayo! Ayi, iyo ayi, ili ndi masamba!”

Nthambi zouma zinagwa. Abambo anazidula timitengo tatifupi. Anasadza minga yonse. Iness ankatola kamodzikamodzi. Amayi ankaonerera ali pamphasa.

“Pang'onopang'ono ndi mtolo,” anatero amayi.

Madzulo Iness anaima pafupi ndi mulu watsopano. Unkamufika m'mawondo. Mtengo wake unali chiimire.

Sabata inatha. Titatu basi. Ina inatha. Touma basi. Inanso inatha. Mpweya udutse.

Tsiku lina Iness anapitanso kumunda. Anagwedeza nandolo. Tsekete, tsekete, tsekete!

“Wauma! Nandolo wauma!”

Anakolola nandolo. Abambo anamanga mitengo yake m'mitolo. Mitoloyo inadzaza khonde lonse. Inamupitirira Iness pamutu.

Sabata yomweyo amayi anapita kuchipatala. Azakhali a Sellina anawaperekeza. Anabwerako ndi kamwana m'shawelo. Anakatcha Timoti.

M'mawa mwake azakhali anayatsa moto. Iness anakhala pansi. Anapinda diresi lake. Anadyetsa a Nambaula. Kamodzi. Kawiri. Katatu. Madzi a Timoti anafunda msanga.

Ndiye Iness ananunkhiza. Silinali fungo la utsi. Silinali fungo la sopo. Linali fungo lokoma. Linkachokera kuseri kwa nyumba.

Iness anathamanga. Anaima. Anatikita maso. Ankayesa kuti akulota.

Mtengo wonse unali mbee! Maluwa oyera anali paliponse. Njuchi zinkaimba m'nthambi.

“Amayi! Ababa! Azakhali! Bwerani mudzaone!”

Onse anabwera. Abambo anavula chipewa. Anazungulira mtengo kawiri.

“Kani umangofuna kumetedwa,” anatero.

Azakhali anayala mphasa pamthunzi. Anabweretsa beseni la madzi ofunda. Anayesa madziwo ndi chigongono. Amayi anayamba kusambitsa Timoti. Duwa limodzi linagwera m'beseni. Linayandama pafupi ndi kaphazi kake.

“Uwu ndi mtengo wathu, Timoti,” anatero Iness. “Ukakula, udzadya manachesi ake.”

Kukhitchini moto unali utagona mumchenga. A Nambaula ankazizira okha pang'onopang'ono.

Iness anagona chagada pamphasa. Abambo nawo anagona chagada pambali pake.

“Tandionetsa lole yopita ku Zobue ija,” anatero abambo.

Iness anayang'ana kumwamba. Anafunafuna apa. Anafunafuna apo. Ndiye anaseka.

“Lero mitambo sikuoneka, ababa. Maluwa achuluka.”